Ntchuwa Imene Apadirinyo Sanasewere

Ndinanamiza bambo anga kwa masabata asanu, tsiku ndi tsiku, ndipo ndinachita zimenezi m'dzina la munthu amene dera lonse la Fonte Boa limadziwa kuti sananamepo chibadwire. Amayi amati nkhaniyi ndizinena nkhope itagwa. Ndayesa kangapo, koma nkhope yanga imakana.

Kuti mundimvetse, ine ndi mtsikana uja amene ku shikola ya sekundariya ku Ulongwe anaika nadzikambe m'kabokosi ka choko. Apulofesolo, aphunzitsi athu a matematika, anapisa dzanja osayang'ana, ndipo tsiku limenelo tinaphunzira kuti munthu wamkulu amathanso kulumpha tebulo. Adiretoro, akulu a shikolayo, anaitanitsa bambo anga. Bambo, amenenso ndi apulofesolo a ana ang'onoang'ono kuno kwathu, anapepesa bwinobwino, koma pobwerera anandifunsa chapansipansi kuti nadzikambeyo anatuluka ndi mtundu wanji. Ndiye musamati khalidweli ndinalitola panjira.

Bambo anga anali munthu wa pakamwa. Kuchokera kutchalitchi kufika kunyumba ndi ulendo waufupi, koma iwo ankauyenda mpaka dzuwa kufika pamutu, chifukwa aliyense ankafunika kugwidwa chanza ndi manja awiri, kufunsidwa za ana, za mbuzi, ndi za bondo lomwe linkawawa chaka chatha. Akadya, Lamulungu lililonse, ankawoloka dambo n'kukwera chitunda kupita kwa apadirinyo anga, amene anandinyamula pa ubatizo. Awiriwa amatchulana kuti akumpadire. Apadirinyo ndi mlimi wa kachewere, munthu wa mawu owerengeka. Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa mapichesi, panali maenje a ntchuwa amene anakumbidwa ine ndisanabadwe.

Kwa amene sadziwa ntchuwa: pamakhala mizere inayi ya maenje, iwiri yako, iwiri ya mnzako. Umatola timiyala m'dzenje limodzi n'kumatifesa kamodzikamodzi m'maenje otsatira. Kamwala komaliza kakagwera m'dzenje lopanda kanthu la mzere wam'kati, moyang'anana ndi miyala ya mnzako, wadya. Ine ndinkangodziwa zimenezi basi, poonera chapatali ndikudya mapichesi osapsa. Atsikana sitinkaitanidwa.

Mliri wa kolona utayamba, bambo anautenga mwanthabwala. Ankapereka moni ndi chigongono, nthawi zina ndi phazi, ndipo ankadandaula kuti masikara, kansalu kotseka pakamwa kaja, kakubisa ndevu zimene anazisamalira zaka zambiri. Shikola yathu inkatsegulidwa n'kutsekedwa ngati chitseko cha chimbudzi cha pamsika, ndipo ine sindinadandaule nazo ngakhale pang'ono.

Zinasintha nthawi ya mvula, chimanga chikumasula. Telefoni inalira m'mawa. Akulu awo a bambo, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Tete, anamwalira kuchipatala. Anatiuza kuti tisapite. Anaikidwa tsiku lomwelo ndi anthu ochepa ovala zotseka thupi lonse. Panalibe kugona pamaliro, panalibe kwaya, panalibe woponya dothi. Bambo anavala jekete yawo yamaliro, anatulutsa njinga, anaima nayo pabwalo nthawi yaitali ataigwira zogwirira. Kenako anaibweza n'kulowa kuchipinda.

Tinkayesa kuti atuluka mawa lake. Chimanga chinakhwima, tinakolola, chisanu chinayamba, iwo ali momwemo.

Anaika ndowa ya madzi ndi sabawo, sopo uja, pakhomo la chipinda, ndipo ankasamba m'manja mpaka khungu linang'ambika m'mizere. Chakudya tinkasiya pampando, iwo n'kuchikoka tikachoka. Ankatuluka pokhapokha popita kuchimbudzi, ndipo ankayamba akuwa kuti tonse tichoke panjira. Wailesi inkalira tsiku lonse. Akatha kumva za odwala a kwathu kuno, ankapotokola n'kumvera za ku Malawi, ngati kuti imfa za dziko limodzi sizikuwakwana. Kalasi yawo anaipereka kwa apulofesolo ena. Anthu a kumpingo ankabwera, kuima kumpanda, n'kunena kuti akuwapempherera. Bambo ankati zikomo n'kutseka zenera.

Poyamba ine ndinkaseka. Ndinkayetsemula dala pafupi ndi zenera n'kumvetsera madzi akukhuvuka m'ndowa. Sindibisa, ndinachita zimenezo kangapo. Amene anandisiyitsa ndi amayi, ndipo sanandikalipire n'komwe. Bambo anga chikwatirire sanadyepo ndiwo osanena kanthu za mchere: wachepa, wachuluka, kapena wathiridwa mochedwa. Ndiye amayi anaphika masiku atatu osathira mchere n'komwe, dala, kuti aone. Mbale inkabwerako itadyedwa theka, popanda liwu. Tsiku lachitatu ndinawapeza kuseri kwa khitchini atagwira mbaleyo, misozi ikutsika.

"Bambo ako akutisiya ali m'nyumba momwemu," anatero. "Akapanda kutuluka chaka chino, sadzatulukanso."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyetsemula.

Patapita masiku, amayi anandituma kwa apadirinyo kukatenga mbewu ya kachewere. Ndinakankha njinga pachitunda chija mpaka lilime kunja. Pansi pa mtengo wa mapichesi, maenje a ntchuwa anali atadzaza masamba ouma, ndipo thadzi lina linali kusamba fumbi m'dzenje la pakona. Apadirinyo anafunsa za bambo, anamvetsera akugwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndikawauze akumpadire awo kuti akuwakumbukira m'mapemphero.

Ndinautembenuza uthengawo m'mutu njira yonse. Unali uthenga wabwino, woona, ndipo bambo anali atalandira kale wotere wokwana kudzaza nkhokwe. Ndinkadziwa chimene chichitike: zikomo, kenako zenera. Ndiye nditafika ndinaima masitepe atatu kuchokera pazenera, monga mwa lamulo lawo, n'kupereka moni wa apadirinyo. Kenako pakamwa panga panapitiriza pokha.

"Akutinso anthu akunena kuti mukuopa kolona, koma iwo akudziwa chimene mukuopa. Akuti ndi ntchuwa."

Wailesi inatsika mawu. Sindinaimvepo ikutsika miyezi yonseyo.

"Anatero akumpadire?"

"Anatero. Ndipo anaseka mpaka kutsokomola."

Zenera linatsekedwa. Ndinaganiza kuti ndaononga zinthu, ndipo ndinayamba kukonza mawu opepesera. Koma m'mawa mwake, nkhungu isanachoke, ndinamva dzina langa likuitanidwa ndi liwu lija la m'kalasi. Bambo ankafuna zikatoni ziwiri zoikamo mazira ndi kapu ya nyemba zouma. Anati popeza miyendo ndili nayo ndipo shikola ndi yotseka, ndikhala wonyamula masewera. Iwo asewera pa zikatoni m'chipinda mwawo, akumpadire awo asewera m'maenje awo, ine ndizingonena dzenje limene aliyense wayambira. Ndinafunsa ngati azilemberana pakapepala, mtima uli m'mwamba, chifukwa zolemba za apadirinyo amazidziwa bwino. Anakana. Anati pepala limanyamula matenda, ndizingoloweza pamtima. Mantha awo anandipulumutsa.

"Ukawauze kuti ndayambira dzenje lachitatu la mzere wam'kati, kuchokera kumanzere," anatero. "Ndipo ukawauze kuti chifuwa chawocho akachionetse kuchipatala."

Apa munthu wabwino akanapita kwa apadirinyo, kugwada, n'kuulula zonse. Ine ndinali ndi zifukwa ziwiri zosatero. Choyamba, apadirinyo akanavala chipewa nthawi yomweyo n'kubwera kudzaima kumpanda kuti akonze bodzalo, zonse n'kuthera pomwepo. Chachiwiri, chitunda chija n'chachitali.

M'mphepete mwa dambo, njira isanayambe kukwera, pali mitengo ya bulugamu. Pamenepo ndinakumba maenje anga ndi kamtengo, ndinatola timiyala, ndinafesa monga anayambira bambo, kenako ndinakhala pansi n'kukhala apadirinyo. Ndinkaganiza ndithu, musayese kuti ndinkangotola paliponse. Ndikasankha dzenje, ndinkadya nzimbe, kudikira kuti nthawi yokwera ndi kutsika chitunda ikwane, n'kuwaza madzi a m'dambo pamphumi kuti ndioneke wotopa.

Tinayamba ndi maulendo awiri patsiku. Sabata isanathe anakhala anayi. Ulendo uliwonse unkafunika dzenje ndi chipongwe, ndipo pa chipongwe ndiye ndinali katswiri. Apadirinyo anga a pansi pa bulugamu ankati bambo adyeretu nyemba zawozo, chifukwa mawa zikhala za eni ake. Ankati amva kuti apulofesolo akuphunzitsa masamu kwa makoswe a m'chipinda, ndipo makoswewo akudandaula. Bambo ankaguguda pazenera, n'kubweza mawu oti kachewere wa akumpadire chaka chino ndi wamng'ono ngati mazira a njiwa. Mawu amenewo ndinkawauza achule a m'dambo.

Tsiku lachinayi bambo anandifunsa funso limene sindinaliganizire. Anati zatheka bwanji kuti ndikubwerako chimanjamanja, pamene kwa akumpadire ngakhale munthu wosochera sachoka wopanda kanthu m'manja. Ndinati anali otanganidwa. Amayi anali pafupi, akupeta nyemba. Sanadzutse mutu. Koma ulendo wotsatira, ndikutulutsa njinga, ndinapeza kathumba ka kachewere wathu yemwe katamangidwa kale pakaliyala. Amayi anangopitiriza ntchito yawo, ine n'kukwera njinga. Kathumbako kanayenda ulendo wa kudambo ndi kubwerera kambirimbiri, ndipo bambo ankakasuzumira pazenera n'kunena kuti aona, si uyo kachewere wa mazira a njiwa uja.

Masewera oyamba bambo anapambana. Ndinamva kuseka m'chipindamo, kuseka kokhala ngati chitseko chadzimbiri, ndipo amayi anagwetsa chikombe. Tsiku lotsatira anapempha lumo ndi madzi otentha n'kukonza ndevu. Zenera linayamba kukhala lotsegula mbali zonse ziwiri. Wailesi inkaiwalika mpaka masana. Sanatuluke, koma chigongono chawo chinkaonekera kunja, ndipo amayi ankachiyang'ana chigongonocho ngati mlendo wochokera kutali.

Masewera achiwiri anapambananso, mofulumira kuposa oyamba. Anaseka, koma pang'ono.

Achitatu ndinalimbikira. Ndinakhala pansi pa bulugamu mpaka nyerere zinandizolowera. Ndinapeza njira imene ndinkaiona kuti ndi yanzeru kwambiri: kusonkhanitsa miyala yambiri kumzere wakunja kuti ndidzawadzidzimutse kumapeto. Mapetowo sanafike. Bambo anandidya mbali zonse, ndipo nditabwera ndi dzenje lomaliza ndi chipongwe chake, sanayankhe chipongwecho. Ankangoyang'ana zikatoni zawo.

Kenako anayamba kundifunsa mafunso. Kodi akumpadire aonda? Akupita kudimba? Ndikawapeza amakhala panja kapena m'nyumba? Akumeta? Ndinayankha kuti ali bwinobwino, onenepa, ngakhale kuti ndinali ndisanawaone mwezi wathunthu. Bambo anapukusa mutu.

"Iwe ndiwe mwana, sungaone. Munthu uyu ndasewera naye usanabadwe. Sanagonjepo kawiri motsatizana, ndipo sasiya mzere wam'kati uli mbee chonchi. Ngakhale mwana wa kalasi yoyamba sangasewere zopusa zotere."

Mawu amenewo anandilasa, koma ndinameza.

"Munthu wosewera chonchi sakugona tulo," anapitiriza, mawu atatsika. "Mutu wake uli kwina. Ndipo zipongwe zonsezi si iye. Munthu wofatsa akayamba kulongolola, pali chimene akubisa. Ndikudziwa ine zimenezi."

Sanatumize dzenje lina tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinali kutsuka mbale pamene ndinamva chitseko cha chipinda, kenako cha kutsogolo. Bambo anaima pakhomo atavala jekete, masikara awiri, botolo la madzi a sabawo litapachikidwa m'khosi ndi chingwe, ndi nsungwi yaitali m'manja yoyezera kutalikirana ndi anthu. Anali ataonda moti jeketeyo inkaoneka yobwereka. Anayang'ana bwalo ngati mtsinje wodzaza. Amayi anagwira tsache n'kuyamba kusesa malo amene anali atasesa kale, maso ali pansi.

Anati ndiwaperekeze kwa akumpadire.

Ndinayesa bodza limodzi lofulumira, loti apadirinyo apita ku Kalomwe kukagulitsa kachewere. Anati munthu wodwala sapita ku Kalomwe. Pamenepo ndinaona kuti zatsala njira ziwiri. Ndikanaulula pomwepo, ndikanapulumuka manyazi a pachitunda, koma phazi lawo limene linali m'mwamba pakhomopo likanabwerera m'kati. Ndikanakhala chete, chilango chinali kundidikira pansi pa mtengo wa mapichesi. Ndinayang'ana amayi. Tsache linali litaima.

Ndinapita kukatenga njinga.

Ulendowo tinauyenda pang'onopang'ono, iwo patsogolo ndi nsungwi yawo, ine pambuyo ndikukankha njinga. Anthu a m'midzi ya m'njira ankaima m'minda n'kuyang'ana. Mayi wina anathamanga kudzapereka moni, bambo n'kumuloza ndi nsungwi, iye n'kuima kumapeto kwake n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati kuti ndi mwambo wakale. Bambo anayankha moniwo mwachidule, koma tisanapite patali anatembenuka n'kufunsa za mbuzi yake ija inathyoka mwendo.

Pofika pa mitengo ya bulugamu anati apume. Tsoka ilo, maenje anga anali pomwepo, timiyala tili momwe masewera anathera, makoko a nzimbe ali mbwee. Ndinagwetsera njinga pamwamba pake n'kugwada ngati tcheni chavuka. Bambo sanaone. Anali atatsamira mtengo, akupuma mofulumira, thukuta lili pamphumi ngakhale kunali chisanu. Anati mtima ukuthamanga, mwina tibwerere. Sindinawakakamize. Ndinangonena, ndikuyang'ana tcheni changa chabwinobwinocho, kuti dzulo apadirinyo anandifunsa kawiri kuti ndine mwana wa yani. Mulungu andikhululukire, bodza limenelo linali lalikulu. Bambo anathira madzi a sabawo m'manja, anatola nsungwi, n'kuyamba kukwera.

Tinawapeza apadirinyo atakhala pakhonde akusankha kachewere, masaya ali phwii, athanzi ngati ng'ombe ya ngolo. Ataona bambo anaimirira, kachewere n'kugubuduzika pansi. Anafuna kubwera ndi manja awiri, koma anakumana ndi nsungwi. Anaima pamenepo, amuna awiri akuluakulu, wina kuno wina uko kwa nsungwi, akuyang'anana.

"Akumpadire, musandibisire," anatero bambo. "Mukugona tulo?"

Ndinatseka maso. Koma apadirinyo, munthu wosanama uja, anakanda m'mutu n'kunena kuti kunena zoona sakugona bwino. Anati chimwalirire akulu awo a bambo aja amadzuka nkhuku zisanalire, n'kumangoyang'ana denga, ndipo Lamulungu masana sadziwa kokhala. Bambo ananditembenukira ndi maso a munthu amene wapambana mlandu. Ine ndinadabwa kuposa onse.

"Ndinadziwa," anatero bambo. "Ndinaonera m'masewera anu."

"Masewera ati, akumpadire?"

Panali pamenepo. Ndinayang'ana njinga, ndinayang'ana chitunda, ndinaona kuti sindingafike patali. Bambo anafotokoza za zikatoni, za nyemba, za masewera atatu. Apadirinyo anangowatsogolera kuseri kwa nyumba n'kuwaonetsa maenje odzaza masamba, thadzi lija lili m'malo mwake. Kenako anapempha kuti awauze bwinobwino momwe masewera achitatuwo anayendera. Bambo anafotokoza dzenje ndi dzenje, mpaka pa nzeru yanga ija yosonkhanitsa miyala kumzere wakunja.

Sindinawaonepo apadirinyo atakwiya. Chodabwitsa n'chakuti sanakwiyire ine.

"Zaka zonsezi, akumpadire. Ndinakunyamulirani mwana pa ubatizo. Ndipo inu munakhala pansi n'kukhulupirira kuti ine ndingasewere zimenezo? Katatu?"

"Ndiye chifukwa chake ndabwera. Ndimati mwadwala."

"Ngakhale nditadwala. Ngakhale mutandipeza ndili pamphasa ansembe atandidzoza kale."

Anakangana nthawi ndithu, mawu akukwera, nsungwi ikugwedezeka pakati pawo. Bambo anafunsa ngati ndiye kuti za makoswe a m'chipinda sananenenso. Apadirinyo anati sananene, koma atazimva tsopano akuona kuti si zoipa. Pamenepo onse awiri anakumbukira kuti ndilipo.

Sanandimenye. Anthu a kumishoni kwathu kuno amalanga ndi ntchito. Anandilamula kuthamangitsa thadzi, kuchotsa masamba, kukonza maenje onse ndi manja, ndi kutsuka timiyala ndi madzi a m'botolo la bambo. Kenako anaika mipando iwiri motalikirana, nsungwi itagona pakati, ndipo popeza bambo sakanagwira miyala imene wagwira munthu wina, ine ndinakhala manja a onse awiri. Ankangotchula dzenje, ine n'kumafesa nditagwada. Nthawi iliyonse apadirinyo akadya, ankandiuza kuti ndiyang'anitsitse, ndione mmene iwo enieni amasewerera.

Chapakati pa masewera achiwiri, bambo anachedwa kutchula dzenje. Ndinadzutsa mutu. Anali kuyang'ana timiyala, ndipo anayamba kunena, osayang'ana munthu, kuti amene anawaphunzitsa ntchuwa ndi akulu awo aja, kubusa, ndipo ankabera. Anati sakudziwa ngakhale mbali imene mutu wawo unaloza m'manda. Aka kanali koyamba kuwatchula chichokere telefoni ija. Masikara onse awiri ananyowa. Apadirinyo sananene za mapemphero. Anadikira, kenako anati mliri ukadzapepuka adzakwera chapa, kaminibasi kaja, limodzi kupita ku Tete kukaona mandawo, ndipo adzatenga khasu. Bambo anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete n'kunena kuti ndi fumbi, mwanayu wakumba maenje mosasamala. Ndinavomera kuti ndi fumbi. Bodza limenelo palibe anandilanga nalo.

Bambo anagonja masewera onse atatu. Tinatsika chitunda dzuwa litapendeka, kathumba ka kachewere weniweni wa apadirinyo kali pakaliyala, bambo akulongolola njira yonse kuti ndinkafesa mokondera. Pofika kunyumba sanalowe kuchipinda. Anakhala pakhonde, kutali ndi ife komabe pakhonde, n'kulandira mbale m'manja mwa amayi. Analawa kamodzi, n'kufunsa ngati mchere unatha m'dziko muno pamodzi ndi Misa imene mliri unaimitsa. Amayi anali atausiya dala kachiwiri. Anathamangira kukhitchini atagwira pakamwa, ndipo anachedwako kuposa mmene munthu amachedwera potenga mchere.

Sindinena kuti anachira tsiku limenelo. Panali masiku ena amene chitseko chinkatsekedwanso, wailesi n'kukwera, ndipo ndowa ija inakhala pakhomo mpaka mvula ina. Anapita kukalankhula ndi anamwino kuchipatala chaching'ono cha kwathu, kangapo, apadirinyo akuwadikira panja atakhala pa njinga. Kukalasi anabwerera mochedwa kuposa anzawo. Koma Lamulungu lililonse ankawoloka dambo, ndipo nsungwi ija inkafupika pang'onopang'ono, chifukwa amayi ankaidula kachidutswa akafuna chosonkhezera moto. Ku Tete anapitadi, awiriwo, ndi khasu.

Ine ndinasankha kachewere wa apadirinyo Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu, ndipo chitunda chija ndinachikwera mokwanira kulipira maulendo onse amene ndinaba. Misa itayambiranso, amayi anandikankhira kokalapa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa chifuwa cha apadirinyo mpaka pa tcheni cha njinga. Kuseri kwa kansalu ndinamva mpando wa ansembe ukugwedezeka pang'ono. Kenako anandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita.

Ndinati ndikumva chisoni kuti ndinasewera moipa m'dzina la munthu wosalakwa. Koma ndinawapempha kuti aganizirenso mbali inayi: ndikanakhala wodziwa ntchuwa, bambo anga bwenzi akadali m'chipinda muja ndi zikatoni za mazira, akusangalala kuti akumpadire awo ali bwino.

Anandipatsa korona yathunthu kuti ndipemphere. Ndinapemphera yonse, osadumpha ngakhale mkanda umodzi, kenako ndinathamanga kuti ndikawapeze bambo asanawoloke dambo. Masiku ano amandilola kusewera ndi wogonja, ndipo nthawi zambiri wogonjayo amakhala bambo.